Mayi wa mu Bloody Mama analidi mkulu wa zigawenga?

Achimwene, mwafunsa ngati zimene mwaonera mu filimu ya Bloody Mama zinachitikadi, za mayi uja woyenda ndi ana ake anayi n'kumaba m'mabanki, mfuti ili m'manja. Banjalo linalikodi ku America, ndipo anyamatawo anali achifwamba enieni, opha anthu. Koma pa za mayiwo filimuyo inakokomeza kwambiri, ndipo kukokomezako sikunayambe ndi opanga filimu ayi.

Mayiwo ankadziwika kuti Ma Barker. Anabadwira ku Missouri mu 1873, ndipo ana awo anali Herman, Lloyd, Arthur (ankamutchula kuti Doc) ndi Fred, chitsiriza. Filimuyo, imene Roger Corman anatulutsa mu 1970, imaonetsa onse anayi ali pambuyo pa mayi awo ngati anapiye. Apa ndiye poyambira bodza. Herman anamwalira mu 1927 ku Wichita, atadziwombera yekha apolisi atamuvulaza. Lloyd, amene Robert De Niro akadali mnyamata anasewera mbali yake, anali m'ndende ya Leavenworth kuyambira 1922 mpaka 1938. Ndiye pa zaka zimene gululi linkasowetsa anthu mtendere, kuyambira 1931 kufika 1935, awiriwa kunalibe n'komwe. Amene ankayendetsa zinthu anali Fred ndi mnzake Alvin Karpis, amene anakumana naye kundende ku Kansas, kenako Doc anawapeza atatulutsidwa mu 1932. N'chifukwa chake gululi limatchedwa la Barker ndi Karpis.

Ndipo ngakhale timawatcha akuba m'mabanki, ndalama zimene zinawatchukitsa zinachokera ku kuba anthu. Mu 1933 anagwira William Hamm, mkulu wa kampani yofulula mowa ku St. Paul, m'chigawo cha Minnesota, n'kulandira dipo la madola 100,000. Mu Januwale 1934 anagwiranso Edward Bremer, mkulu wa banki mumzinda womwewo, dipo lake madola 200,000. Ku St. Paul kunali pabwino pobisala chifukwa apolisi ena akumeneko ankadya nawo, moti zigawenga zinkangoyenda poyera. Koma za Bremer zinawapalira moto. Doc anasiya chidindo cha chala pa chigubu cha petulo chimene anataya m'njira, ndipo a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, anagwirira pomwepo.

Nanga mayi aja anali kuti pa zonsezi? Anali kunyumba. Pa moyo wawo wonse sanamangidwepo kapena kuimbidwa mlandu uliwonse. Karpis, amene anakhala zaka zambiri kundende ya Alcatraz, atatuluka anafotokoza kuti mayiwo anali munthu wakumudzi wokonda kumvera wailesi ndi kupita kukaonera kanema, ndipo gululi likamakonza zokaba linkawasiya pambali. Chigawenga china chotchuka cha nthawiyo, Harvey Bailey, chinachita kuwanyoza kuti sakanatha kukonza ngakhale dongosolo la chakudya cham'mawa. Inde, mawu a mbava ndi ofunika kuwasefa. Komabe onani ntchito imene mayiwo ankagwira: mukafuna kuchita lendi nyumba, anyamata atatu okhaokha amakayikitsa, koma akabwera ndi mayi wachikulire wovala mwaulemu, mwininyumba amapereka makiyi mosavuta. Anali chophimba. Sindikuwayeretsa ayi. Ankadziwa kumene ndalama zinkachokera, ankadya nawo, ndipo kuyambira anawo ali aang'ono ankawaikira kumbuyo akagwidwa. Koma kulekerera mwana ndi kwina, kukonza pulani yothyola banki ndi kwinanso.

Mapeto ake anali otere. Doc anagwidwa ku Chicago pa 8 Januwale 1935, ndipo m'nyumba mwake anapezamo mapu osonyeza dera lina ku Florida. Pa 16 Januwale a FBI anazungulira nyumba ina ku Ocklawaha, m'mbali mwa nyanja ya Weir. Kuwomberana kunatenga maola angapo. Kutati zii, m'chipinda chapamwamba anapezamo mitembo iwiri, wa Fred ndi wa mayi ake, munthu wa zaka 61.

Tsono taganizani muli J. Edgar Hoover, mkulu wa FBI. Anyamata anu apha gogo amene alibe mlandu ndi umodzi womwe m'mabuku. Mawa manyuzipepala alemba chiyani? Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati apa ndi pamene panakulira nthano ya mayi wankhanza, mwini nzeru zonse za gululo, ndipo Hoover anaibwereza kwa zaka zambiri mpaka inakhazikika. Ine ndimagwirizana nawo. Mayiwo asanafe, dzina lawo silinkamveka ngati la mtsogoleri wa zigawenga. Atangofa ndi pamene anasanduka chilombo, munthu woti sangadziyankhirenso.

Corman anangotola nthano yopsa kale. Nthawi imeneyo mafilimu a achifwamba a zaka za m'ma 1930 ankagulitsa malonda, makamaka pambuyo pa Bonnie and Clyde ya 1967, ndipo iye anali katswiri wopanga mafilimu otchipa mwachangu. Anapatsa Shelley Winters, amene anasewera mbali ya Ma Barker, mfuti yachiwaya, n'kuthiramo zachiwerewere ndi magazi, basi malonda atheka. Kunena zoona, Winters anasewera ndi mtima wonse, moti nthawi zina umachita mantha, nthawi zina umaseka pamene sipoyenera kuseka. Ine ndinaikonda ngati sewero, ngakhale pena imanyansa, ndipo si yoonera ndi ana pabalaza.

Chimene ndimadandaula n'chakuti nkhani yeniyeni ya anawo ndi yowawa kuposa ya mu filimu, koma anaisiya. Doc anawomberedwa n'kufa mu 1939 akuyesa kuthawa ku Alcatraz. Lloyd, yekhayo amene anatsala, atatuluka m'ndende anagwirako ntchito yophika m'gulu la asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anakwatira, n'kupeza ntchito ku Colorado. Mu 1949 mkazi wake anamuwombera n'kumupha kunyumba kwawo. Mitembo ya Fred ndi mayi ake inakhala miyezi yambiri ku Florida popanda woitenga, mpaka achibale anaitenga n'kukaiika m'manda ku Welch, Oklahoma, pafupi ndi manda a Herman.