Nyengo yozizira pa msewu wa ku Joni

Achemwali, mwafunsa ngati magalimoto amachepa pamsewu kukazizira, komanso ngati iyi ndi nthawi yabwino yoyamba geni yooda katundu kuno ku Johannesburg n'kumakagulitsa kumudzi.

Magalimoto a anthu wamba amachepadi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kupatula sukulu zikatsekera kumapeto kwa Juni ndi mu Julayi. Chipwirikiti chenicheni pa boda ya Beitbridge, ya pakati pa South Africa ndi Zimbabwe, ndi cha Disembala ndi Isitala. Koma mathiraki sapuma ayi. Miyezi imeneyi ku Limpopo amathyola malalanje, ndiye mathiraki opita nawo ku doko la Durban amachuluka.

Msewu wathu wa N1, wodzera ku Pretoria, Polokwane mpaka Musina, makilomita opitirira 500, chipale chofewa sichiutseka. Chovuta ndi chifunga cham'mamawa pamapiri a Soutpansberg mukangodutsa Louis Trichardt, ndiponso utsi wa moto wa tchire, poti udzu umakhala wouma gwa. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, pofika 6 koloko madzulo kwada kale. Dalaivala wanzeru amafuna kudutsa pamapiripo kukuwala.

Umene umatipweteka amalonda ndi msewu womwe sitiyendamo n'komwe, wa N3, wolumikiza Durban ndi Johannesburg. Makontena ochokera ku Durban amakwera phiri la Van Reenen, pakati pa Ladysmith ndi Harrismith, ndipo kumeneko chipale chimagwa. Mu Seputembala 2024 chinatseka msewu, anthu anagona m'magalimoto usiku wonse. Ukatsegulidwa, mathiraki onse amanyamuka nthawi imodzi, mndandanda wake wosaona kothera. Zikatero, mashopu a ku Fordsburg ndi Crown Mines, konkuno ku Johannesburg, amene amadikira kontena sakhala ndi katundu watsopano, inu mukungolipira pogona ndi chakudya. Choncho musanakwere basi, funsani kaye mwini shopu pa WhatsApp ngati mtundu ndi masaizi omwe mukufuna zilipo.

Mabulangete, majekete ndi maduveti odani mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, kuti chiperoni chikamayamba ku Blantyre zikhale zili kale pamsika. Wooda mu Julayi amakagulitsa kukuyamba kutentha, mpamba n'kugona m'zikwama mpaka chaka chamawa. Katundu ameneyu ndi wopepuka koma amadya malo, ndipo matransipota amatchaja poona kukula kwa chikwama. Finyani bwino, mangani zolimba, kutani ndi pulasitiki. Mvula kulibe, koma fumbi la mu thirela limadetsa duveti loyera mpaka wogula n'kuliyesa la kaunjika.

Paulendowo bulangete limodzi likhale pampando, osati pansi pa basi. Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, ndiye mutha kuima pamzere wodinditsa pasipoti 2 koloko usiku, mphepo ikulasa. Jekete mukavulira ku Tete, komwe ngakhale mu Juni masana kumafunda, ndipo mukalivalanso pofika pa Zobue ndi Mwanza.