Funsani Dokotala (funso la mu 2020): Kodi ndisiye kukayenda kumadimba nthawi ino ya korona?

Funso: Adokotala, ine ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe, Angónia, ku Mozambique. Chitsekereni masukulu mu Malichi 2020 ndangokhala pakhomo, tulo osabwera, mutu kumangolemera, komanso ndimamwa mankhwala a tensão (kuthamanga kwa magazi). Madzulo ndimatsetsereka ndekha kupita kumadimba, pobwerako mtima umakhala pansi, koma mayi akunyumba akuti ndidzawatengera korona. Ndisiye?

Yankho: Ayi bambo, musasiye. Mayi akunyumba sakulakwa kuopa, chilengezereni a Nyusi, omwe anali pulezidenti, estado de emergência (malamulo apadera a nthawi ya ngozi) pa 30 Malichi 2020 tonse tili ndi mantha, koma kachiromboka sikakhala m'tchire ayi, kamachoka kwa munthu kupita kwa munthu, potsokomola, poyetsemula ngakhalenso polankhula pafupi, makamaka pothithikana ngati mu chapa (minibasi), pamaliro kapena mumsika. Kanjira kakudimba komwe mukungokumana ndi mbuzi ndi mizere ya mbatata ya kachewere si kamene ine ndingade nako nkhawa.

Ndipotu kwa inu a tensão kuyendako ndi mankhwala ndithu. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti 30 pa tsiku masiku 5, muziyenda mofulumirako mpaka thupi kutenthera koma mukuthabe kulankhula. Zimathandiza kutsitsako kuthamanga kwa magazi, nkhawa zimachepa ndipo tulo timabwera. Mapiritsi aja musasiye koma, zonse ziziyendera limodzi.

Pomwe ndikukupemphani kwambiri ndi pa moni. Ife kwathu kuno kudutsa munthu osapatsana dzanja zimaoneka ngati mwano, ndikudziwa, komabe mukakumana ndi agogo atasenza nkhuni imani chapatali, mita imodzi ndi theka, ombani m'manja basi, amva ulemu wanu. Maskara ikhale m'thumba, muvale mukafika pa anthu, ndipo pobwera sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana, mayi aziona ndi maso awo. Kapena tsiku lina muwatenge, mumakhala nyumba imodzi kale palibe vuto.

Valani nsapato zotseka, udzu ukadali wautali ndipo mphiri imakonda kugona panjira osathawa, mubwereko kusanade chifukwa cha udzudzu.

Mukamva kutentha thupi, chifuwa kapena kubanika, tsiku limenelo osatuluka kukayenda. Kukayamba kuwawa pachifuwa kapena chizungulire muli panjira, khalani pansi, itanani munthu akuperekezeni kuchipatala msanga. Ndipo ngati tulo tikusowabe pakatha masabata awiri atatu, kawauzeni anamwino pokatenga mapiritsi anu.