Kanyenyezi kachilendo m'telesikopu: kaphulika kapena ayi?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Pasukulu pathu pali telesikopu ya galasi la 200 mm. Sabata yatha ndinaona kanyenyezi kamene sindinakaonepo m'mbali mwa mlalang'amba wa M83. Kodi ndi nyenyezi yophulika? Nanga ndikauze ndani?

Yankho: Aphunzitsi, musafulumire kulengeza. N'zoona kuti mu M83 mwaphulikapo nyenyezi kangapo, koma kawirikawiri kadontho kotere kamakhala nyenyezi ya mumlalang'amba wathu yomwe yangokhala kutsogolo kwa M83, kapena mwala woyendayenda m'mlengalenga.

Jambulani ndi pensulo zonse zimene mukuona, kadonthoko ndi nyenyezi zoyandikana nako. Lembani tsiku ndi nthawi, ndipo pa nthawi ya kuno ku Mozambique muchotsepo maola awiri kuti igwirizane ndi UT, nthawi ya dziko lonse imene akatswiri amagwiritsa ntchito. Pakatha ola limodzi yang'ananinso. Ngati kasuntha poyerekeza ndi zinzake, ndi mwala basi. Ngati kali pomwepo, yerekezani ndi chithunzi chakale cha M83. Mukapeza kuti pachithunzipo palibe, onani pa Transient Name Server, tsamba la pa intaneti pamene bungwe la akatswiri a zakuthambo la IAU limalembetsa zophulika zatsopano, chifukwa mwina ena anakaona kale. Supernova yeniyeni, kutanthauza kuphulika kwakukulu kwa nyenyezi, siimathima usiku umodzi, imatenga masabata kapena miyezi ikuzilala pang'onopang'ono.

Chimene timalimbikitsa kwambiri n'chakuti musankhe milalang'amba khumi yokha n'kumaibwereza mpaka muiloweze, popeza mlendo amadziwika ndi amene amawadziwa eni mudzi. M'busa wa ku Australia, Robert Evans, anapeza nyenyezi zophulika zoposa 40 ndi diso pa telesikopu chifukwa choloweza chonchi.

Telesikopu yanuyo ingafike pa magnitude 13 kapena 14 kukakhala mdima weniweni (magnitude ndi muyeso wa kuwala kwa nyenyezi; nambala ikamakula ndiye kuti nyenyezi ndi yozilala). Itulutseni panja theka la ola musanayambe kuti galasi lizizire, apo ayi nyenyezi zimaoneka zikuvina. Maso amafuna mphindi 20 kuti azolowere mdima, ndiye tochi muikute ndi pepala lofiira. Mu Juni ndi Julayi mame a ku Angónia amanyowetsa galasi. Musalipukute ndi nsalu, pindani katoni kukamwa kwa telesikopu kuti mame asafikepo. Utsi wa moto wa tchire mu Seputembala ndi Okutobala umabisa zozilala zonse.

Funso: Kuno ku Furancungo tilibe telesikopu. Palibe chimene tingaone?

Yankho: Chilipo. Madzulo a Meyi mpaka Ogasiti yang'anani kumpoto, pa kagulu ka nyenyezi kokhota ka Corona Borealis. Pamenepo pali T Coronae Borealis, imene inaphulika mu 1866 ndi 1946 ndipo ikuyembekezeka kubwereza. Iyi ndi nova, imaphulika pamwamba pokha osatheratu. Nthawi zonse imakhala pa magnitude 10, yosaoneka ndi maso, koma ikaphulika imafika pa 2 n'kuoneka masiku ochepa chabe. Lowezani kaguluko panopa, kuti tsiku limene padzaonjezereke nyenyezi ina mudzaizindikire.