Kodi oimba jazz anaiwononga Porgy and Bess?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti amakonda "Summertime" ya Ella Fitzgerald ndi Louis Armstrong, koma mnzake wamuuza kuti nyimboyi ndi ya mu opera (sewero limene anthu amachita kuimba m'malo molankhula) ndipo awiriwa anangoipotoza. Ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Achimwene, mnzanuyo sananame pa chiyambi cha nyimboyi. Inachokera mu Porgy and Bess, opera ya George Gershwin imene inaonetsedwa koyamba mu 1935. Ndi nkhani ya anthu akuda osauka a ku Catfish Row, mumzinda wa Charleston. Pa siteji amayamba kuiimba ndi Clara, mayi amene akugoneka khanda lake, ndipo amaiimba ndi mawu okwera kwambiri, motsatira manotsi ndendende. Koma chaka chotsatira, mu 1936, Billie Holiday anali ataijambula kale mwa jazz, mwini wake Gershwin akadali moyo.

Zoti anaipotoza ndiye ndikukana. Gershwin anatapa kwambiri mu blues ndi m'nyimbo zauzimu za anthu akuda, moti oimba jazz sanachite kuthyola chitseko polowa. Mu 1957, pamene Ella ndi Louis ankajambula chimbale chawo, Russell Garcia atawakonzera zoimbira, anatsitsa mawu kuti afike pamene munthu amalankhulira. Mvetserani mmene Ella amachedwera dala kulowa, ng'oma itadutsa kale pang'ono, kenako Louis n'kubwera ndi mawu ake okalakala aja. Woimba wa opera atachita zimenezo, wotsogolera gulu angamutong'olere maso.

Chimene chimatayika ndi nkhani. Tengani "I Loves You, Porgy". Mu opera amaimba awiri, mayi wotchedwa Bess akupempha wokondedwa wake Porgy kuti asalole Crown, chigawenga chimene ankakhala nacho kale, kudzamutenganso. Nina Simone anaiimba yekha pa piyano, mwapang'onopang'ono, ndipo inatchuka kwambiri mu 1959. Ambiri lero amaimva ngati nyimbo yachikondi basi, osadziwa kuti mayiyo akunjenjemera ndi mantha. Kwa ine mantha aja amamvekabe m'mawu a Nina, koma amawamva bwino ndi amene akudziwa kuti Crown ndani.

Choncho pezani kaye opera yonse, muionere ngakhale pa YouTube, kenako mubwerere kwa Ella ndi Louis. Mukatero musaiwale chimbale cha nyimbo za mu operayi cha Miles Davis ndi Gil Evans chojambulidwa mu 1958, ngakhale mulibe woimba ndi pakamwa; mbali ya Porgy ndi ya Bess yomwe amaimba ndi lipenga.