Za mankhwala obwezeretsa myelin mu ubongo

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kuwagulira amuna anu clemastine ndi metformin, popeza chithunzi cha MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) chasonyeza kuti mbali yoyera ya ubongo wawo yawonongeka, ndipo inu mwamva kuti mankhwala awiriwa amakonza maselo a mu ubongo. Langizo langa ndi lakuti musawagule pa nokha.

Mbali yoyerayo ndi mitolo ya minyewa yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga waya wamagetsi amakutidwira ndi pulasitiki, ndipo chokutiracho chikasupuka uthenga umachedwa kapena kutayika panjira. Mu ubongo muli maselo osakhwima amene amatha kukula n'kukutiranso minyewayo, koma munthu akamakalamba kapena matenda akakhalitsa, maselowa amafooka. Mankhwala amene ofufuza akufunafuna ndi oti adzutse maselo amenewa.

Clemastine ndi mankhwala akalekale a ziwengo. Madokotala a ku San Francisco ku America anamuyesa pa anthu 50 odwala multiple sclerosis, matenda amene amawononga myelin, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti uthenga wochokera m'diso kupita mu ubongo unafulumirako ndi mamilisekondi 1.7 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Kwa ine nkhaniyi ndi yopatsa chiyembekezo ndithu, chifukwa inasonyeza kuti myelin wa munthu angathe kumeranso. Komabe kusinthako kunali kochepa kwambiri, kooneka ndi makina okha, ndipo odwala ena ankadandaula za kutopa. Pambuyo pake, pa kafukufuku wina ku America wa anthu amene matendawa anali atawalowerera, clemastine anamusiyitsa chifukwa ena mwa iwo anayamba kufooka mofulumira. Kwa munthu wachikulire, mankhwalawa amathanso kusokoneza mutu ndi kutseka mkodzo.

Za metformin, amene ndi mankhwala a shuga, zimene zinamveka kwambiri mu 2019 ku Cambridge ku Britain, zoti amadzutsa maselo aja, zinali za makoswe okalamba, osati anthu. Bexarotene, mankhwala ena amene anayesedwa pa anthu ku Cambridge ndi Edinburgh pofuna kubwezeretsa myelin, anasokoneza chithokomiro cha aliyense amene anamumwa. Mpaka pano palibe mankhwala ovomerezedwa kuti dokotala azilembera wodwala pofuna kubwezeretsa myelin.

Chimene chandikhudza kwambiri m'funso lanu n'chakuti simunatchule chimene chawononga ubongowo, pomwe chithandizo chonse chagona pamenepo. Kwathu kuno multiple sclerosis sawonekawoneka. Kawirikawiri madontho oyera a pa MRI mwa munthu wamkulu amachokera ku BP ndi shuga zimene zawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndipo zikatero chothandiza ndi kumwa mankhwala a BP tsiku lililonse, kuchepetsa mchere ndi kusiya fodya. Nthawi zina gwero ndi HIV imene yafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye chofunika ndi ma ARV mosadumphitsa. Nthawi zinanso ndi kuchepa kwa vitamini B12, kumene kumachiritsika ndi jakisoni kukadziwika msanga. Ndipo dziwani kuti metformin yemweyo, munthu akamumwa kwa zaka, amachepetsa B12 m'thupi.

Bwererani nawo kwa dokotala amene analamula MRI, mutanyamula lipoti ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba. Mufunse kuti gwero la vutoli akuliona kuti ndi chiyani, mupemphe kuti awayeze BP, shuga, HIV ndi B12, komanso awatumize ku fizo ngati kuyenda kapena kugwira zinthu kukuwavuta. Koma akangopindika kamwa, kufooka mbali imodzi kapena kulephera kulankhula mwadzidzidzi, musadikire tsiku la kiliniki, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.