Funsani Alangizi: Galu amandikoka ngati ng'ombe pa ngolo

Funso: Alangizi, ndimasamalira maluwa pa nyumba ina ku Randburg kuno ku Johannesburg, ndipo abwana anandipatsanso udindo woyenda ndi galu wawo madzulo aliwonse. Galuyu ndi wa mtundu wa Labrador, ali ndi miyezi 10. Akangoona chingwe amadumphadumpha, ndipo tikatuluka pageti amandikoka mpaka phewa kupweteka. Mnzanga akuti ndimugulire unyolo wothina pakhosi. Kodi nditero?
Wowerenga wa ku Randburg

Yankho: Achimwene, unyolowo musagule. Ukhoza kumuvulaza kummero, ndipo galu wotengeka chotere amakokabe ngakhale akutsamwa.

Galu amakoka chifukwa kukokako kumamupindulira. Mwachibadwa amayenda mofulumira kuposa munthu, ndipo nthawi iliyonse akakoka n'kufika pa mtengo umene amafuna kununkhiza, amaphunzira kuti chingwe chikakungika ndiye kuti ulendo ukupitirira. Inunso mukamakokera kumbuyo, thupi lake limalimbana nanu pokokera kutsogolo, motero mpikisanowo sutha. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti kukoka sikumufikitsa kulikonse.

Yambirani m'kati mwa mpanda. Tengani chingwe, ndipo akadumpha chibwezereni pamalo pake mwakachetechete. Mumangirireni pokhapokha miyendo yonse inayi ili pansi. Geti nalonso lisatsegulidwe iye asanakhazikike. Masiku oyamba zimenezi zidzakudyerani nthawi, choncho auzeni abwana asadabwe kukuonani mutaima pageti ndi galu.

Pamsewu, chingwe chikangokungika imani nji ngati mtengo, osakalipa, osagwedeza chingwe. Akatembenuka kukuyang'anani ndipo chingwe chalendewera, muyamikireni n'kupitiriza kuyenda. Ngati waumirira, tembenukani mulowere kumene mwachokera. Mthumba muzikhala ndi tizidutswa ta chiwindi cha nkhuku chophika, tating'ono ngati nandolo, ndipo muzimupatsa pambali pa mwendo wanu, pamene mukufuna kuti aziyenda. Labrador ndi galu wokonda kudya, ndipo pa ntchito iyi dyera lakelo ndi mwayi wanu. Mphindi 10 kawiri pa tsiku zimaphunzitsa bwino kuposa ola lathunthu la kulimbana.

Pemphani abwana agule lamba wovala pachifuwa amene ali ndi kokolekera chingwe kutsogolo, chifukwa galu akakoka lambayo amamutembenuzira kwa inu. Chingwe chikhale cha mamita awiri kapena kucheperapo. Zingwe zimene zimatalika zokha galu akakoka sindizikonda ngakhale pang'ono, popeza zimaphunzitsa khalidwe lomwelo limene tikulithetsa.

Misewu ya kwanuko ili ndi mayesero ake: agalu ouwa kuseri kwa mageti ndiponso mbalame zaphokoso zija za hadeda zimene zimatera pa kapinga. Mukaziona patali, wolokerani tsidya lina, kapena imani pamtunda umene galu akutha kukumverani. Akalephera kulandira chiwindi, dziwani kuti mwayandikira kwambiri. Zimathandizanso kumuponyera mpira pabwalo musananyamuke kuti mphamvu zichepeko. Ku Delta Park, kumene kuli agalu ambiri, mupite naye pokhapokha atazolowera mumsewu mwanu, ndipo kumbukirani kuti malamulo a mzinda amafuna galu akhale pa chingwe m'malo a anthu onse, kupatula m'malo ololedwa.

Abwana ndi ana awo atsatire njira yomweyi Loweruka ndi Lamlungu, apo ayi Lolemba mudzayambiranso pageti.