Chimene munanyamula pa fulashi ndi chikwangwani chabe

Achemwali, mwati munakopera chizindikiro cha pulogalamu kuchoka pa desktop n'kuika pa fulashi, koma mutafika nacho ku ofesi ku Katoto chikukana kutseguka, ndiye mukufunsa kuti pulogalamu yeniyeniyo imakhala pati.

Chimene munatengacho ndi shortcut. Yang'anitsitsani pakona pake, muona kamuvi. Ndi kafayilo ka .lnk ka ma KB owerengeka, ntchito yake kuloza njira basi, ngati chikwangwani cholozera ku Nkhata Bay. Mutachizula n'kupita nacho kwanu ku Chibavi, nyanja siikutsatirani.

Bwererani pa kompyuta imene munachitengayo. Dinani chizindikirocho ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Properties, kapena ingochisankhani n'kudina Alt ndi Enter pamodzi. Pamzere wolembedwa Target mupeza njira yonse, nthawi zambiri yoyamba ndi C:\Program Files n'kuthera pa dzina la .exe. Imeneyo ndiye pulogalamu. Munsi mwake muli batani la Open File Location, limakufikitsani mu foda momwemo. Mapulogalamu ena, monga Zoom, amakonda kukhala mu AppData, foda imene Windows imaibisa, choncho musadabwe kuti simunaionepo.

Nthawi zina pa Target pamakhala potuwa, posaonetsa njira. Zikatero tsegulani pulogalamuyo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti Task Manager, mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito, itseguke, pezani dzina la pulogalamuyo, dinani kumanja, musankhe Open file location. Ine njira iyi ndiye ndimaidalira kwambiri.

Komatu ngakhale muipeze .exe ija, kuikopera yokha sikuthandiza kwenikweni. Imayenda ndi mafayilo anzake a .dll komanso zimene inalemba mu registry, kaundula wa Windows, tsiku loiika. Funani setup yake, fayilo yoikira pulogalamuyo, muike bwinobwino ku ofesiko.

Pa Target pomwepo mpamene ndimagwirira vairasi ya pa fulashi. Ndinapita kukapulinta pa kashopu kena ku Luwinga, pobwera mafoda anga onse ali ndi timivi. Ndinangoti ndione Target, ndipo m'malo mwa foda panali cmd.exe ndi malemba ataliatali osamveka. Mukaona zotere, kapena wscript.exe, musatsegule timafoda ta timivito. Nthawi zambiri mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa. Yambani mwaunika (scan) fulashiyo ndi Windows Security, pulogalamu yogwira mavairasi, kenako mu File Explorer mulole kuti mafayilo obisika azioneka, ndi a system omwe, mukopere anu pa kompyuta n'kuifomata fulashiyo, kutanthauza kufufuta zonse zili m'menemo.